Foni, nsanja ndi asilikali a m'thupi: zoyenera kuchita ngati mafunde akukudetsani nkhawa

Nsanja ya foni ikangoimikidwa pafupi ndi nyumba za anthu, kaya ndi pa Chinkhoma, pa Santhe kapena pa Chatoloma, funso silichedwa kubwera: kodi mafunde akewa satha asilikali a m'thupi? Amene amafunsa kwambiri ndi anthu amene nkhaniyi ikuwakhudzadi, monga amene akumwa ma ARV, amayi oyembekezera ndi makolo a ana odwaladwala. Mantha anakolera mu 2020, pamene uthenga unkazungulira pa WhatsApp woti 5G ikufoola chitetezo cha m'thupi n'kumafalitsa COVID-19. Ku Britain anthu anafika potentha nsanja. Komatu matendawa analowa kuno kwathu mu Epulo chaka chimenecho, 5G kulibe.

Pa mlingo umene mafunde a foni ndi nsanja amatifikira, kafukufuku wochitidwa mosamala sanapeze kuti maselo oteteza thupi amachepa kapena kufooka. Ngozi yotsimikizika ndi kutentha, ndipo imagwera munthu amene wakwera nsanja n'kuima kutsogolo kwa eriyo. Musangokhulupirira poti tanena. Zambiri mwa zimene zili m'munsimu mungaziyese nokha.

Yambani ndi kusiyanitsa cheza ndi cheza chinzake

Mawu akuti cheza amaphatikiza zinthu ziwiri zosiyana kutalitali. Pali cheza cha ekisire ndi cha makina ootchera khansa. Chimenechi chili ndi mphamvu yodula DNA, kaulusi kosunga malangizo a chibadwa m'kati mwa selo, ndipo maselo amene amayamba kugonja ndi malimfosaiti, gulu la asilikali limene muli ma CD4. Munthu akalandira cheza chochuluka pa ngozi, malimfosaiti ake amatsika m'masiku awiri okha, moti madokotala amayeza kukula kwa ngoziyo powerenga maselowa. Ganizo loti cheza chimatha chitetezo linachokera pamenepa, ndipo pa cheza chimenechi n'loona.

Mafunde a wailesi ndi ena. Wailesi ya FM imayenda pakati pa 88 ndi 108 MHz, foni ya 2G pa 900 ndi 1800 MHz, ya 3G kawirikawiri pa 2100 MHz, Wi-Fi pa 2.4 ndi 5 GHz. Kachidutswa kamodzi ka mphamvu ka mafunde a 900 MHz kamachepa pafupifupi ka 500,000 poyerekeza ndi ka kuwala kwa nyali imene mumawerengera usiku. Sikangadule DNA, ndipo kuchulukitsa tizidutswato sikusintha zimenezi. Mungathire madeya thumba lonse pa zenera, galasi silisweka, koma mwala umodzi umaliswa.

Chimene mafundewa amatha ndi kugwedeza madzi a m'thupi mpaka atenthe. Kuchuluka kwa mphamvu imene mnofu ukumwa amakutcha SAR, ndipo amakuyeza m'mawati pa kilogalamu. Thupi lonse likamamwa mawati 4 pa kilogalamu kwa mphindi 30, limatentherako pafupifupi digiri imodzi. Bungwe la akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana loika malire a mafundewa, ICNIRP, limene linatulutsa malire ake mu 1998 n'kuwakonzanso mu 2020, linagawa nambala imeneyi ndi 10 kwa ogwira ntchito pa makinawa, kukhala 0.4, ndi 50 kwa anthu wamba, kukhala 0.08. Pa kachigawo kochepa ka mutu kapena thunthu, malire ndi mawati 2 pa kilogalamu, poyeza pa magalamu 10 a mnofu. Ku America amati mawati 1.6 pa kilogalamu, poyeza pa galamu imodzi ya mnofu. Kuti muone kukula kwake, thupi lanu mutangokhala pansi limadzipangira lokha kutentha kwa pafupifupi wati imodzi pa kilogalamu.

Mukalandira uthenga woti asayansi apeza, ufunseni mafunso

Kafukufuku wabwino wa maselo amayenda chonchi. Amatenga magazi kwa anthu athanzi angapo, n'kusefamo malimfosaiti, n'kuwaika m'timbale ta pulasitiki mokhala madzi ofiirira a chakudya chawo. Timbaleto timalowa m'mabokosi awiri achitsulo ofanana ngati mapasa, ali m'kabati yofunda madigiri 37. Bokosi limodzi limalandira mafunde a mlingo wodziwika, linalo silandira, ndipo kompyuta ndi imene imasankha, kuti wowerenga maselo asadziwe mbale yachokera kuti. Pamakhalanso gulu lachitatu limene amaliwononga dala ndi ekisire kapena mankhwala, kuti atsimikize kuti njira yawoyo imathadi kuona chowonongeka. Kenaka amawerenga maselo amene afa, amene akuchulukana, mankhwala amene amaitanirana nawo pa nkhondo, ndi DNA yake. Njira ina yotchuka ndi kuika selo m'phala loonekera n'kupititsamo magetsi. Selo labwino limakhala lozungulira, koma limene DNA yake yaduka limatuluka mchira ngati mbululu.

Kafukufuku wotereyu wachitika kambirimbiri, ndipo zotsatira zake sizifanana. Ena anaona kusintha pang'ono, ambiri sanaone kanthu. Amene anasonkhanitsa kafukufukuyu n'kumupima anapeza kuti pamene ntchito inachitika mosamala kwambiri, m'pamene zosinthazo zinkasowa. Choncho funsani izi.

Kodi anayeza kutentha m'mbalemo? Apa ndi pamene ambiri amapunthwa. Asilikali a m'thupi amamva kutentha msanga, n'chifukwa chake thupi limatentha tikadwala. Madzi a m'mbale akakwera digiri imodzi kapena awiri, maselo amayamba kupanga mapuloteni odzitetezera, ndipo wofufuza amalemba kuti ndi mafunde pamene ndi kutentha. Mukamva kuti anangoika foni pambali pa mbale, kafukufukuyo mutayeni: foni imasintha mphamvu yake mphindi iliyonse, batire lake limafunda, ndipo palibe amene angadziwe SAR imene maselowo analandira.

Kodi panali bokosi lozimitsa, ndipo wowerengayo sankadziwa? Kutalika kwa mchira wa mbululu ija kumaweruzidwa ndi maso kapena ndi makina amene munthu watchera, ndipo maso amaona zimene mtima ukuyembekezera. Kodi magazi anachokera kwa anthu angati? A anthu awiri kapena atatu sakwanira, chifukwa asilikali a munthu ndi munthu amasiyana, ngakhale a munthu mmodzi amasintha m'mawa ndi madzulo. Kodi anayeza zinthu zingati? Mwa zinthu 20 zoyezedwa, chimodzi chimatha kuoneka chosintha mwangozi chabe.

Funso lomaliza ndilo lalikulu: kodi ena atabwereza anapeza zomwezo? M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ofufuza a ku Soviet Union analemba kuti mafunde ofooka amasokoneza chitetezo cha makoswe. Gulu la ku Bordeaux, ku France, linabwereza ntchitoyo ndi mafunde a 2450 MHz, maola 7 pa tsiku kwa masiku 30, ndipo mu 2009 linalengeza kuti silinapeze kusintha koteroko.

Mudzamvanso za gulu la 2B. N'zoona kuti mu 2011 bungwe la WHO lofufuza za khansa, IARC, la ku Lyon ku France, linaika mafundewa m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa. Nkhani yake inali ya zotupa za mu ubongo ndi mu mtsempha wa khutu mwa oyankhula kwambiri pa foni, osati chitetezo cha m'thupi, ndipo gulu limeneli limatanthauza kuti umboni ndi wochepa. Mu 2024 kafukufuku wamkulu amene WHO inalamula, wosonkhanitsa ntchito 63, sanapeze kugwirizana pakati pa foni ndi khansa ya mu ubongo.

Foni yanu

Ngati mukufuna kuchepetsa mafunde amene mumalandira, yambirani pa foni osati pa nsanja, chifukwa foni ndiyo imakhudza khungu. Kuchepetsako sikudula ndalama, ndipo palibe cholakwika kutero.

Dinani *#07# monga mumachitira poimba foni. Pa mafoni ambiri a Android padzatuluka nambala ya SAR ya mutu ndi ya thupi. Ikakana, yang'anani m'kabuku kobwera ndi foni. Nambalayo isapitirire 2, kapena 1.6 ngati yayezedwa mwa ku America. Koma musasinthe foni chifukwa ina yalemba 0.6 ina 1.1. Nambalayi anaipeza foni ikufuula ndi mphamvu yake yonse m'labotale, pamene tsiku ndi tsiku imayankhula motsika kwambiri.

Chimene chimalamula kwenikweni ndi netiweki. Foni imachita ngati munthu woitana mnzake: akakhala pafupi imanong'ona, akakhala kutsidya la dambo imakuwa. Lowani mu Settings, pa About phone, pa SIM status, mudzaona nambala yokhala ndi dBm, yosonyeza mphamvu ya netiweki imene ikufika pa foni. Ikakhala cha pa -70 zili bwino, ikafika -105 kapena -110 foni ikukuwa. Imani pakati pa nyumba ya malata n'kuwerenga nambalayo, kenaka pitani pa zenera kapena pa khonde, dikirani masekondi angapo, muwerengenso. Kusiyana kwa 10 dBm ndi kuwirikiza kakhumi. Kumadera otalikira nsanja, monga kumalire ndi nkhalango ya Kasungu, muone malo amene netiweki imagwira bwino n'kumaimbira pamenepo nkhani zazitali. Mu minibasi ya pa M1 foni imavutikanso, popeza ili m'chitsulo ndipo ikusinthasintha nsanja.

Pali china chimene ambiri sadziwa. Kafoni ka mabatani ka 2G kamatha kutulutsa mawati 2 pa 900 MHz m'tizigawo tatifupi, kuphatikiza pamodzi kotala la wati. Foni ya 3G kapena 4G sipitirira cha pa kotala la wati, ndipo netiweki ikakhala bwino imatsika kufika pa kachigawo kakang'ono zedi. Ndiye kutaya foni yayikulu n'kugula kamabatani poopa mafunde n'kuthawa mvula n'kukabisala m'madzi.

Kenaka talikitsani foni. Mphamvu imatsika msanga ndi mtunda, moti kuika pa sipika n'kuigwira kutsogolo kwa nkhope, kapena kugwiritsa mahedifoni, kumadula mbali yayikulu ya zimene mutu ukanalandira. Za Bluetooth nazo zimatulutsa zochepa kwambiri kuposa foni. Amayi amene mumasunga foni m'kamisolo, dziwani kuti nambala ya thupi ija amaiyeza foni italekana ndi khungu pang'ono, mamilimita 5 mpaka 15. Foni yongokhala imatulutsa mafunde mwa apo ndi apo, koma mukamayankhula kapena kutsitsa vidiyo ikhale m'manja kapena pa tebulo.

Timapepala tomata kumbuyo kwa foni, toti timatchinga cheza, musagule. Tikatchingadi, foni imaona ngati netiweki yachepa n'kuwonjezera mphamvu. Khutu likatentha musathamangire kuganiza za mafunde: zimitsani foni, muigwirize pa khutu kwa mphindi 15, mudzaona kuti likufundabe, chifukwa mwalitsekera mphepo. Kutentha kwinako n'kwa batire. Usiku musatchaje foni pansi pa pilo, osati poopa mafunde koma moto. Ndipo amene anaikidwa kamakina kothandiza kugunda kwa mtima, foni ikhale masentimita 15 kutali ndi kamakinako, osati m'thumba la pachifuwa.

Nsanja ya pafupi ndi kwanu: werengani nokha

Timabokosi tatitalitali toyera pamwamba pa nsanja ndiwo maeriyo. Amaponya mafunde ngati nyali za galimoto, kutsogolo, moweramira pansi pang'ono, moti mtsinje wake umakagunda nthaka patali. Pansi penipeni pa nsanja pamafika zochepa. Zozungulira ngati ng'oma zija zimayankhulana ndi nsanja ina kutali mu kamzere kopyapyala kodutsa pamwamba pa madenga.

Tiyerekeze eriyo yolandira mawati 40, imene imaunjika mphamvuyo mbali imodzi kuwirikiza ka 50. Kutsogolo kwake zili ngati mawati 2,000. Kuti mupeze mphamvu pa sikweya mita, chulukitsani mtunda ndi mtunda womwewo, kenaka ndi 12.6, ndipo mugawe 2,000 ndi yankholo. Pa mamita 100 zimatuluka 0.016. Malire a anthu wamba pa 900 MHz ndi mawati 4.5 pa sikweya mita, ndiye nyumba imene ili pa mamita 100 ili pansi pa malire pafupifupi ka 280, ngakhale itakhala pakati penipeni pa mtsinjewo. Pa mamita 30 ndi 0.18. Malire amafikidwa cha pa mamita 6, ndipo pa mamita awiri ndi 40. Koma mamita amenewa ndi a m'mwamba, moyang'anizana ndi eriyo, kumene kumafika mbalame ndi amisiri okha. Nsanja ikakhala ndi maeriyo a TNM ndi Airtel, a 2G, 3G ndi 4G, phatikizani zonse. Mtunda woopsa m'mwambamo umakula, koma pansi mumakhalabe kutali ndi malire.

Mapulogalamu a pa foni oti amayeza cheza musawadalire, chifukwa amawerenga kachipangizo ka kampasi, kamene kamamva maginito osati mafunde a wailesi. Ngati mudzi sunakhutire, afumu ndi komiti ya chitukuko alembe kalata ku MACRA, bungwe loyang'anira mafunde m'dziko muno, ndi ku kampani imene dzina lake lili pa chikwangwani cha pa mpanda, kupempha kuti adzayeze. Pemphani kuti ayeze pa msinkhu wa mutu wa munthu, pa khonde, m'kalasi ndi pa mjigo, ndipo akusiyireni zolembedwa. Akayeza m'mavoti pa mita, malire ndi 41 pa 900 MHz, 58 pa 1800 MHz ndi 61 kuyambira 2000 MHz kupita m'mwamba. Mukadali pomwepo, onani mpanda. Pobooka pamene ana angalowere kukafika ku jenereta, mabatire ndi makwerero, pamenepo ndiye pali imfa ya lero lomwe.

Amene mumakwera

Kwa amisiri, openta ndi omanga nkhani imasintha, chifukwa inu mumalowa m'mamita 6 aja. Musanakwere, funsani mwini nsanja mndandanda wa zonse zimene zili pamwamba, ndi za makampani ena zomwe. Ngati ntchito ikufuna kuti mudutse kapena kuima kutsogolo kwa eriyo, izimitsidwe, ndipo loko wanu akhale pa switchi yake, kiyi m'thumba mwanu. Kuuzana pakamwa sikukwanira, popeza makinawa amatha kuyatsidwa ndi munthu ali ku ofesi ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Valani kachipangizo kolira kochenjeza mafunde, kayeseni muli pansi, ndipo kakhale kutsogolo pa chifuwa. Kakakhala kumsana thupi lanu limakatchinga, n'kukhala chete inu mukupsa.

Kwerani m'kati mwa nsanja, kumbuyo kwa maeriyo. Musayang'ane m'ng'oma kapena m'paipi yotseguka yonyamula mafunde, chifukwa diso lilibe magazi ambiri ochotsa kutentha, chimodzimodzinso machende. Maeriyo a FM ndi a wailesi yakanema ndi oopsa kuposa a foni: mphamvu yake imafika m'makilowati, ndipo kutalika kwa mafunde a FM, cha pa mamita atatu, kumachititsa kuti thupi la munthu lizimwa kwambiri. Mukamva kufunda kosadziwika, kuluma pogwira chitsulo, mutu kapena chizungulire, musayembekeze kumaliza bawuti. Chokani mbali imeneyo, tsikani, lembani nthawi ndi pamene munaima, ndipo mupite kuchipatala akaone khungu ndi maso.

Ngati mukuona kuti chitetezo chatsikadi

Apa musataye nthawi ndi kusuntha bedi kapena kuzimitsa foni. Chifuwa cha milungu iwiri, thukuta la usiku, kuonda, mashingozi, zoyera m'kamwa, zithupsa zobwerezabwereza, kutsegula m'mimba kosatha, zonsezi zikufuna kuyezetsa sabata yomweyo. Tengani buku lanu la kuchipatala ndi mankhwala onse amene mukumwa, ogula pa golosale ndi a zitsamba omwe, mupite ku chipatala cha pafupi kapena cha boma ku Kasungu.

Yambani ndi HIV, malungo ndi shuga. Kenaka adokotala angalembe kuwerenga magazi onse, kumene amatengera m'kabotolo ka chivindikiro chapepo. Maselo oyera a munthu wamkulu amakhala pakati pa 4,000 ndi 11,000 pa maikulolita, ndipo pa pepala amalemba 4.0 mpaka 11.0. Nambala ikatsika pang'ono musade nkhawa msanga. Anthu ambiri a mu Africa amabadwa ndi manyutirofili, mtundu umodzi wa maselo oyerawa, ochepa koma ali athanzi, ndipo malungo, taifodi ndi chimfine zimagwetsa nambalayi kwa kanthawi. Bwerezani pakapita milungu iwiri kapena inayi, mutachira, nthawi yofanana ya tsiku, pa chipatala chomwecho.

Kwa amene muli pa ma ARV, chounikira chachikulu ndi kuchuluka kwa kachilombo m'magazi. Kakapitirira 1,000, a kuchipatala amakhala nanu pansi kuona kamwedwe ka mankhwala, n'kuyezanso pakapita miyezi itatu. CD4 ya munthu wathanzi imakhala cha pakati pa 500 ndi 1,500. Ikatsika pansi pa 200 pamafunika kuyeza TB ndi nthenda youmitsa khosi ngakhale musakumva kanthu. Bactrim amatha kutsitsa maselo oyera mwa anthu ena, koma musasiye nokha, auzeni adokotala. Auzeninso ngati mukumwa prednisolone kapena dexamethasone wogula nokha pofuna kunenepa kapena kuletsa nyamakazi, chifukwa mankhwala amenewa amagonekadi asilikali.

Kuno ku Kasungu pali zina ziwiri zimene anthu amanamizira nsanja. Mutu, chizungulire ndi kusanza madzulo mutathyola fodya wa mame nthawi zambiri ndi chikonga cholowera pa khungu. Dikirani masamba aume, valani magulovu ndi za manja aatali, ndipo zovala zikanyowa sinthani n'kusamba. China ndi chuku cha mtedza ndi chimanga. Poizoni wake, aflatoxin, IARC yomwe ija inamuika m'gulu loyamba la zoyambitsa khansa mosakayikitsa, ndipo amadziwika kuti amafooketsa chitetezo ndi kupinimbiritsa ana. Kukazinga ndi kuphika sikumutha. Yanikani mtedza mpaka uzilira m'makoko mukaugwedeza, musauwaze madzi pofuna kuusenda mosavuta, matumba akhale pa thandala osati pa dothi, ndipo njere zofota, zakuda ndi zoboola muzitaye, osati kuzisinjira nsinjiro za phala la mwana.